Usiku umene ndinaika Jenkins pa seva yathu

Mu ofesi mwathu olemba mapulogalamu tilipo anayi, ndipo mawu amene ankatiyambanitsa kwambiri anali akuti, "koma pa kompyuta yanga zikuyenda bwinobwino." Wina akonza kanthu, atumiza ku GitHub, kumene timasungira limodzi code yathu pa intaneti, mawa lake mnzake akoka, zonse mbwee. Kenako kulozana zala mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ine zinandikwana. Lachisanu lina anzanga ataweruka ndinatsala ndekha, botolo la Fanta ndi zitumbuwa ziwiri pambali, ndikuti lero lokha Jenkins alowa.

Jenkins ndi pulogalamu yokhala pa seva n'kumangodikira. Munthu akatumiza code yatsopano, iye amaikoka, kuimanga, kuiyesa ndi mayeso onse amene tinalemba, n'kunena poyera ngati zatheka kapena ayi. Anaiyambitsa ndi Kohsuke Kawaguchi akugwira ntchito ku Sun Microsystems, ndipo nthawi imeneyo dzina lake linali Hudson. Oracle itagula Sun panabuka mkangano wa dzinalo, mwakuti mu 2011 anthu ambiri oisamalira anachoka nayo n'kuitcha Jenkins. Chizindikiro chake ndi bambo wa suti ndi katayi kofiira, wooneka ngati akufunsa kuti tiyi abweretse kapena ayi.

Seva yathu ndi kakang'ono kobwereka, ka Ubuntu 22.04 (mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa makina onse), RAM yake, malo amene mapulogalamu amagwiriramo ntchito akamayenda, 1 GB basi. Jenkins amayendera pulogalamu ina yotchedwa Java, ndiye kuti ndiike Javayo ndinalemba apt install default-jre osaganiza kawiri. Ndinaika kiyi ndi adiresi ya nkhokwe ya Jenkins, apt install jenkins, malemba n'kumathamanga pa sikirini ngati nyerere. Nditafunsa systemctl status jenkins, yankho linabwera lofiira. Wakana kudzuka.

Ndinamudzutsa kanayi konse, ngati kuti akamva chisoni. Chitumbuwa choyamba chinathera pamenepo. Pomaliza ndinachita zimene ndinayenera kuyambira, kuwerenga journalctl -u jenkins, kaundula wa zimene zamuchitikira Jenkins, ndipo nkhani yonse inali pamzere umodzi: Java amene ndinaika ndi wakale. Pa Ubuntu 22.04, default-jre imakupatsa Java 11, pomwe Jenkins watsopanoyo sankalola wochepera 17. Ndinaika openjdk-17-jre, n'kusankha iyeyo ndi update-alternatives --config java, bamboyo n'kudzuka bwinobwino ngati sanavutepo.

Zotsatira zinali zosavuta. Kutsegula khomo la 8080, lolowera kwa Jenkins, pa ufw, mlonda wa makomo a seva, kutenga mawu achinsinsi oyamba mu /var/lib/jenkins/secrets/initialAdminPassword, kudina batani loika ma plugin, timapulogalamu towonjezera, amene Jenkins mwini amalangiza. Apa ndinayamba kudera nkhawa bandulo yanga poona kuchuluka kwa zimene zikutsitsidwa, kenako ndinadziseka ndekha: ikutsitsa ndi seva, intaneti yake ndi ya komweko, ine ndikungoonerera.

Chimene chinandigoneka mochedwa ndi china. Ntchito yoyamba itayamba, Maven, pulogalamu yomangira code yathu, ali mkati momanga, tsamba linangoti zii. Jenkins wafa, osatsanzika. Ulendo uno ndinathamangira ku dmesg, kaundula wa mauthenga a Linux, ndipo ndinapeza kuti Linux yemwe ndi amene wamupha. Malo mu RAM akatha, Linux amasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuidula khosi kuti makina onse asagwe. Ma Java awiri, wa Jenkins ndi wa Maven, m'kachipinda ka 1 GB sakanakwanamo. Ndalama ya seva yokulirapo abwana sakanaivomera usiku umenewo, choncho ndinapanga swap ya 2 GB, malo a pa diski othandizira RAM ikadzaza, ndi fallocate, mkswap ndi swapon, n'kuilemba mu /etc/fstab kuti isasowe seva ikadzazima. Imachedwetsa, sindikana, chifukwa diski si RAM. Koma ntchito imafika kumapeto.

Ili mkati kachiwiri, magetsi anathima. Ndinakhala mumdima ndi kuwala kwa laputopu kokha, ndikulumikiza intaneti ya pa foni mtima uli m'mwamba. Nditalowanso ndinapeza ntchito yatha kale, chizindikiro chobiriwira. Seva ili kutali, za magetsi athu sizikuikhudza.

Lolemba m'mawa, isanakwane 9 koloko, chofiira choyamba chinatuluka, dzina la wotumiza lili pambali pake. Mnzanga wa pa desiki ya pakona anatembenuka akumwetulira.

"Achimwene, makina anu aja akuti mwaphwanya ndinu."

Ndinayang'ana. Linalidi dzina langa. Ndinali nditaiwala kutumiza fayilo imodzi, imene pa kompyuta yanga inalipo.