Ndalembedwa ntchito abale, koma ndithokoze kaye anthu a Lachitatu

Ndakhala ndikulemba nkufufuta, kulemba nkufufuta kuyambira Lachisanu, nde lero ndangoti kaya zituluka bwanji zituluke. Ndalembedwa ntchito. Ineyo. Dipuloma ndinatenga 2019, chaka chotsatiracho Covid nkubwera, kuyambira pamenepo ndakhala ndikuzungulira ndi envulopu ya khaki mu Blantyre muno mpaka alonda a m'mageti ena anandidziwa nkhope, ndisanatsegule pakamwa iwo ali "asisi ingosiyani pompano". Pano ndili ku akaunti pa kakampani kena ku Limbe, dzina sinditchula. Salale si yoti nkumangira nyumba ayi, koma ndi yanga.

Mulungu ndamuthokoza kale kuchipinda ndi misozi yomwe. Apa ndikufuna ndithokoze anthu.

Ambiri simudziwa mmene kagulu kathu ka anthu ofuna ntchito, kokumana Lachitatu lililonse, kanayambira. Inali Januwale 2023, malo ena cha ku Ginnery Corner amafuna kashiya mmodzi, mmodzi yekha, koma mzere wake ngati wa shuga. Ndili pamzerepo ndangoona kutsogolo kwanga mnzanga amene tinali naye kalasi imodzi ku sekondale, yemwe ndinkamuzemba chifukwa ndinamunamiza kuti ndikugwira ntchito m'tauni. Osadziwa kuti nayenso anandinamiza chimodzimodzi kkkk. Tinangoyang'anizana, aliyense envulopu ili m'khwapa, nkuyamba kuseka mpaka anthu kumatidabwa. Tonse sanatitenge. Ya minibasi tinalibe, tinabwerera wapansi mpaka ku Ndirande, ndipo m'njira monsemo tinauzana zinthu zomwe ine ndinali ndisanauzepo munthu, zoti pena ndimasamba nkutchena m'mawa kungoti aneba aziona ngati ndili ndi kopita, nkukakhala ku laibulale mpaka madzulo. Iwe mnzanga, ukudzidziwa, zikomo chifukwa cha bodza lako lija.

Sabata yotsatira tinakumana anayi pakhonde pa kwathu. Titafika 9 khonde linachepa. Abusa, zikomo potipatsa kiyi wa kachipinda ka Sande sukulu Lachitatu lililonse m'mawa osatilipiritsa, ndiponso osatifunsa kuti kodi onsewa ndi a mpingo uno. Pagulu pathu pali Asilamu, a Katolika, a Seventh Day, ena osapemphera nkomwe, tonse timakhala pa timabenchi ta ana tija mawondo ali kuchibwano.

Lamulo loyamba tinagwirizana ndi loti palibe kufunsana kuti "wapeza?" Funso limeneli amene sanakhalepo pa ulova sangamve kuwawa kwake. Kumaliro akufunsa, kuukwati akufunsa, amalume akangoimba foni ndi lomwelo. Kwathu aliyense amangonena yekha mmene sabata yayendera, wapereka makalata angati, wayitanidwa kapena ayi, ndipo ukanena kuti sabata ino sindinachite chilichonse ndinangogona, palibe okudzudzula chifukwa tonse tinagonapo choncho. Mnyamata wina wa digiri yake yabwinobwino anakhala masabata atatu osayankhula, sabata yachinayi analira ngati mwana, ife tinangomusiya alire kenako tinamupatsa chitumbuwa.

Zinazo ndi zing'onozing'ono koma ndi zimene zinatisunga. Timasonkha ndalama sabata iliyonse, poyamba inali K500, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja tinakweza kufika K1,000 chifukwa fotokope, kupulinta, minibasi, zonse zinangolumpha tsiku limodzi. Ndalamayo timagula The Nation ndi Daily Times, mmodzi ajambule mavakansi onse aponye pa WhatsApp, amene alibe bandulo timamulembera pa pepala. Yotsala imalowa m'thumba la transipoti. Munthu akaitanidwa ku intaviyu asalephere kupita chifukwa chosowa yokwerera, imeneyo tinakana. Wina anaitanidwa ku Lilongwe madzulo kuti afike mawa lake 8 koloko, tinathamangitsana pa Airtel Money ndi Mpamba usiku omwewo mpaka anakwera basi yausiku. Ntchitoyo sanaipeze, koma anapita.

Ndiye pali jekete. Amene mwabwerako mukulidziwa jekete lakuda la gulu lomwe tinagula pa kaunjika ku Limbe. Lavalidwa ndi amuna ndi akazi omwe, kwa ena manja amapitirira zala timapinda ndi mapini, kwa mkulu wina wamapewa silimamangika batani amangolisiya chotsegula. Mthumba lamkati munali kabowo, wina ID inamulowera mpaka kunsi kwa nsalu ali pa geti alonda akudikira. Ine ndinalivala tsiku la intaviyu yangayi, likununkhira pafyumu wa munthu wina amene analivala Lolemba lake.

Bambo athu opuma pantchito, amene munagwira zaka zambiri ku ofesi yolemba anthu ntchito, sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji. Munangomva kwa akazi anu kuti kutchalitchi kumabwera ana osowa ntchito, nkutulukira ndi bolopeni yofiira. CV yanga inali mapeji 5, munali mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, mpaka zoti ndimakonda kuonera TV. Munaiwerenga mwakachetechete magalasi ali pamphuno nkundifunsa kuti "mwanangu, ukufunsira ntchito kapena ukufunsira banja?" Inatsala mapeji awiri. Munatisinthitsa ma imelo a maina achibwana aja, munatiphunzitsa kuti kalata iliyonse izilembedwa molingana ndi ntchito yake osati imodzimodzi kumangosintha adiresi pamwamba, ndipo munkatikhazika pampando kutsogolo kwa anzathu nkumatipanikiza mafunso ngati zenizeni. Tsiku loyamba mutati ndinene za ine ndinayambira komwe ndinabadwira ndi kuti kwathu tilipo angati, anthu anagwa nako kuseka. Ku Limbe atandifunsa funso lomwelo ndinamva mawu anu m'khutu, ndinayankha za ntchito basi.

Sikuti zonse zinali bho. Walira mvula walira matope. Mwezi wa Malichi 2023, gulu lili ndi miyezi iwiri yokha, namondwe wa Freddy anabwera. Mtsikana wathu wa ku Chilobwe nyumba inapita ndi matope ochokera m'phiri la Soche, anapulumuka ndi zovala za m'thupi, masetifiketi onse anapita. Tinasiya zokumana pafupifupi mwezi, ine ndinkaona ngati basi zathera pomwepo. Ndi iyeyo amene anatumiza uthenga ali ku kampu kuti kodi Lachitatu lino tikumana? Thumba lonse la transipoti tinakhuthula kuti apite ku MANEB ku Zomba akayambe zotsata pepala lolowa m'malo mwa MSCE yake. Kuyambira pamenepo aliyense wolowa gulu timayamba kamujambulitsa mapepala ake onse nkuwasunga pa imelo.

Akuba nawonso anatilawa. Mnzathu wina anaimbiridwa foni kuti wasankhidwa pa ntchito ya ku bungwe, atumize K45,000 ya zachipatala ndi yunifomu, anakongola katapila nkutumiza, nambala ija osapezekanso mpaka lero. Anabisa milungu iwiri chifukwa cha manyazi. Achinyamata atayamba kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda kumapeto kwa 2023, ma ejenti abodza anachuluka ngati ngumbi, wina aliyense ali ndi fomu yake ndi mtengo wake. Nde tinalemba pachikuto cha buku lathu ndi zilembo zikuluzikulu kuti ntchito yoyamba ndi kulipira si ntchito. Ndipo atsikana, bwana akati intaviyu ikachitikire ku loji madzulo, timaponya nambala yake pagulu tonse tiidziwe. Zimenezi zinandichitikirapo ineyo, sindikunena zongomva.

Za ndalama tinakanganapo koopsa. Wina anatenga ya transipoti ponama kuti waitanidwa, tinadzamva kuti anakabetcha mpira. Ine monga wosunga buku ndinalusa ndinafuna achotsedwe tsiku lomwelo, ndipo ndinayankhula mawu oipa pamaso pa anthu. Anzanga munandiletsa, munati abweze pang'onopang'ono koma asachoke. Anabweza yonse, pano ndi amene amafika koyambirira kudzasesa. Achimwene, ndinakupepesani kumbali koma ndikupepesanso pano poti ndinakunyozani pagulu.

Chimene chimandiwawabe ndi ena amene atangopeza ntchito anatuluka pa WhatsApp mwakachetechete osatsanzika, ngati ulova ndi matenda opatsirana. Sindikukudandaulani kwambiri, mwina mumafuna kuiwala, koma vakansi ikatuluka kuntchito kwanuko tiponyereniko chabe.

Komanso ndisaname, gulu silipanga ntchito. Ntchito 1 miliyoni zija tinazimva pa kampeni ya 2020, ife tinali pamzere pomwe. Mwa anthu amene adutsa pa timabenchi tija olembedwa ntchito ya pamwezi ndi ochepa, ena analowa ya boma ya ma intern ija, ena anatsata maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, mmodzi pano akuwotcherera mageti ku Bangwe ndipo amapeza kuposa ine, ena ali pa geni, awiri anapita ku Joni. Ndipo alipo amene tinayamba nawo pakhonde paja mpaka lero sanapeze kanthu, anzeru kundiposa, makalata awo ndi abwino kuposa anga. Mnzanga wa pamzere uja ndi mmodzi mwa iwo. Nditamuuza za ntchitoyi anakuwa mumsewu nkundinyamula, ine nkumalira chifukwa sindimadziwa ndimuyang'ane bwanji.

Amayi anga, zaka zonsezi mwandidyetsa ndi ndalama ya tomato mu msika wa Ndirande, simunandifunsepo kuti sukulu ija inapindula chani. Mlongo wanga wa kabaza, wandinyamula ulele kangati kupita ku ma intaviyu iwe nkutaya makasitomala a m'mawa, salale yoyamba mafuta a sabata yonse ndi anga, ndalemba pano kuti pakhale mboni.

Lachitatu sindizipezekanso poti ndizikhala kuntchito, buku ndi kiyi ndasiyira mnzanga uja. Ine ndizibwera Loweruka loyamba la mwezi kudzathandiza za ma CV, ndipo K1,000 yanga ndizisonkhabe. Amene muli ndi nsapato zakuda za amuna saizi 8 kapena 9 zomwe simukuvala tipatseni, jekete lilipo koma anyamata akumavutika kunsi. Jeketelo ndachapitsa, kabowo kaja ndasoka, lili kwa amayi busa. Amene waitanidwa sabata ino akatenge.