Mmene tinasinthira thanki ya petulo m'boti la malume

Boti lathu ndi la faiba, lakale ndithu, ndipo tinalilandira kwa malume atasiya kuyenda panyanja. Limagona pagombe la nyanja ya Malawi ku Malindi. Ntchito yake n'kunyamula anthu ndi katundu kupita mbali ya Makanjira, makamaka nthawi ya mvula pamene msewu wa kumeneko umavuta. Injini ndi Yamaha ya mphamvu ya mahosipawa 40, ndipo thanki ya petulo ndi ija yobisika pansi pa poponda, yosaoneka pokhapokha utang'amba.

Chinatidziwitsa ndi fungo. M'mawa tikamakapa madzi, petulo ankanunkha popanda amene wamutaya, ndipo madzi okapawo ankanyezimira mafuta pamwamba. Injini nayo inayamba kutsokomola pakati pa ulendo. Ndinayamba ndaona mapayipi onse ndi polumikizira pake, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, koma anali ouma. Chinatsala ndi thanki.

Tinadikira mwera wa mu June, nyanja itawinduka, maulendo atachepa. Boti tinalikokera kumtunda, pamalo opita mphepo, kutali ndi pamene amayi amawambira nsomba. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa choopsa pa ntchito yonseyi ndi mpweya wa petulo. Mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho suuluka, umatsikira pansi pa boti n'kukhazikika pomwepo. Kamoto kochepa kothetheka n'kokwanira kuphulitsa boti lonse. Ndinamasula batire n'kukaisiya kunyumba, ndipo anyamata osuta ndinawauza kuti akasutire kumsika.

Petulo tinamupopera m'zigubu ndi kapampu kamanja kaja kofinya. Osayamwa ndi pakamwa ayi, ndipo pampu yamagetsi isayandikire. Thanki itauma tinathiramo madzi a sopo mpaka kudzaza kuti mpweya uthawe, kenako tinawatulutsa.

Pong'amba poponda m'pamene tinakangana pang'ono ndi mmisiri amene ndinamuitana kuchokera ku boma. Anabwera ndi galayinda, makina odulira aja othetheka moto.

"Achimwene, ndi iyi timaliza dzuwa lisanafike pamutu," anatero.

"Pepani bambo, m'boti muno moto wothetheka sulowa. Tidula ndi sowo," ndinawayankha.

Anadandaula koma anavomera. Tinajambula mzere mozungulira thanki, n'kudula pang'onopang'ono ndi sowo yamanja, mosazamitsa, kuopa kudula nthiti za boti kapena mawaya odutsa pansi. Chidutswa chimene tinachotsacho tinachisunga kuti chidzakhale chotsekera.

Pansipo tinapeza thanki ya aluminiyamu itamira m'chinkhupule cholimba chija opanga maboti amathira chamadzimadzi n'kuuma. Chinkhupulecho chinali chitamwa madzi, ndipo ndicho chinapha thanki. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo. Akamapitidwa mphepo amadziteteza yekha, koma akakhala nthawi yaitali atagundana ndi chinthu chonyowa, amadyeka timabowo ting'onoting'ono tokutidwa ndi ufa woyera. Kuchotsa chinkhupulecho kunatitengera nthawi kuposa china chilichonse. Tinkachikumba ndi matabwa osongoka komanso sowo, chidutswachidutswa, mpaka thanki inayamba kugwedezeka. Tinakulunga chingwe pansi pake, n'kupisa mtengo, anthu awiri mbali iyi awiri mbali iyo, n'kuizula. Titaitembenuza, kunsi kwake kunali timabowo ngati sefa ya ufa.

Ena pagombe ankati tipite nayo kwa owotcherera akaimate. Ndinakana. Thanki imene munakhalapo petulo imatha kuphulika ikamawotcheredwa ngakhale ikuoneka youma, komanso ukamata bowo limodzi ena amatseguka pambali, poti chitsulo chonsecho chatha kale.

M'kati mwake munalinso madzi ndi matope. Apa tikumbuke kuti petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo dziko lathu linayamba kuchita zimenezi kalekale, m'chaka cha 1982. Ethanol amakoka chinyezi. Boti likakhala nthawi osayenda, thanki ili theka, madzi amadikha pansi, ndipo pansi pomwepo m'pamene payipi ya injini imayamwira. Ethanol amawononganso mapayipi a rabala akale, n'chifukwa chake ndinataya onse ngakhale ankaoneka abwino.

Kenako panali kusankha. Njira yosavuta ndi kugula mathanki ofiira apulasitiki aja onyamula pamanja, olowa malita 24 kapena 25, ngati amene asodzi a chilimira amagwiritsa ntchito. Kwa boti laling'ono ndingalangize zimenezo mosakayika, chifukwa thanki ukuiona ndi maso, ukhoza kuitsuka, ndipo ikatha umangogula ina. Koma ife timayenda mtunda wautali ndi anthu, ndipo mathanki oterewa akanadya malo okhala komanso kulemetsa kumbuyo. Tinayeza thanki yakale mbali zonse, n'kujambula pamene pali pothirira, popumira ndi potulukira mafuta, n'kukapangitsa ina ya aluminiyamu ku Blantyre. Ndinapempha kuti ichepeko pang'ono kuti pakhale mpata kuzungulira, ndiponso m'kati aikemo zotchinga kuti petulo asamakhavukire mbali imodzi boti likamalimbana ndi mafunde.

Isanalowe m'boti tinaiyesa. Tinatseka mabowo onse, n'kupopera mpweya ndi pampu ya njinga mpaka geji yoyezera mphamvu ya mpweya itafika pa 3 psi basi, chifukwa kupitirira apo thanki imafufuma. Kenako tinapaka thovu la sopo m'misoko monse. Thovu likamatukumuka ndiye kuti pakudontha. Geji inakhala chiimire, thovu osagwedezeka.

Poikapo sitinathirenso chinkhupule. Pansi tinatsuka, n'kusiya kuti paume kwenikweni, kenako tinamata timizere tapulasitiki tolimba kunsi kwa thanki kuti ikhale m'mwamba pang'ono, madzi azidutsa, mphepo izipita. Tinaimanga ndi malamba kuti isasunthe, n'kuika pulasitiki paliponse pamene lamba kapena thabwa likanagunda aluminiyamu. Mapayipi tinagula opangidwira petulo, osati aja othirira dimba amene amauma n'kung'aluka. Pa payipi yothirira tinamanga zomangira ziwiriziwiri za chitsulo chosachita dzimbiri. Payipi yopumira tinaikweza n'kuitulutsira kunja kwa boti, kukamwa kwake kutaloza pansi chakumbuyo kuti mafunde asamathiremo madzi. Tinalumikizanso waya kuchokera pachitsulo cha pothirira kukafika pathanki ndi ku batire mbali ya negetivu, kuti pothira mafuta pasathetheke moto. Pakati pa thanki ndi injini tinaikapo sefa yolekanitsa madzi, ya kabakuli koonekera pansi, ndipo kapampu kofinya tinakaika muvi wake utaloza ku injini.

Poponda sitinamatenso ndi faiba ngati kale. Chidutswa chija tinachikhazika pa timatabwa n'kuchimanga ndi masikuluwu, kuti chaka chilichonse tizitsegula n'kuona pansi. Mmisiri uja ankati sizioneka bwino, koma ine ndikufuna thanki imene ndingaifikire ndi dzanja.

Tsiku loyesa tinathira malita ochepa kaye, n'kupisa dzanja polumikizira paliponse, n'kununkhiza pansi pa boti. Titakhutira tinadzaza, oyilo wa injini titasakaniza ndi petulo pa muyezo wa 50 kwa 1, ndiye kuti malita 50 a petulo pa lita imodzi ya oyilo, monga buku la injiniyo likunenera, n'kuyenda chakufupi ndi gombe tisanatenge munthu aliyense.

Thanki yakale anthu anaipempha kuti azisungiramo madzi. Sindinalole, chifukwa petulo satheratu m'misoko. Tinaidzaza madzi, n'kuiboola ndi tchizulo, n'kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakale.