Kuwerenga tayala lakumbuyo la njinga yamoto lisanatayidwe

Phunziro lomwe landikhalira kwambiri m'mutu pa zokonza njinga zamoto ndi lakuti tayala lakumbuyo likatha, kathedwe kake kamaonetsa chomwe chalidya. Pa siteji za kabaza ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Kauma, mawu amakhala amodzimodzi: "Matayala a masiku ano salimba." Ena salimbadi. Koma ukalitembenuza tayalalo n'kuliyendetsa chikhatho, kawirikawiri umapeza kuti mlandu uli pa mpweya, katundu kapena tcheni.

Kuti lakumbuyo lizitha msanga kuposa lakutsogolo si vuto. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pa tcheni n'kukathera pa kachigawo ka labala kosaposa chikhatho komwe kakhudza msewu, ndipo kulemera kwa pasinjala kumagwera pomwepo. Nthawi zambiri akumbuyo amatha awiri lakutsogolo likadali limodzi. Kutha pakati nakonso n'kwachibadwa kwa njinga yoyenda molunjika pa phula, monga ya munthu wa pa M1 tsiku ndi tsiku. Kuipa kwake n'kwakuti tayala limataya kubulungira, pakati pamaphwatalala, m'mbali mumatsala kakhonde, ndipo pokhota njinga imayamba yakana kenako n'kugwera mkati mwadzidzidzi.

Nkhani ya mpweya ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Tayala la mpweya wochepa limapindika kwambiri pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, ndipo labala wotentha amasenda msanga. Pa phula la mu Okutobala masana zimanyanya. Chizindikiro chimodzi chimaoneka ndi maso: yang'anani vavu ya chubu. Ikakhala yopendekera m'malo moima chilili, ndiye kuti tayala likutsetsereka pa limu n'kumakoka chubu, ndipo posachedwa vavuyo izuka patsinde, pamalo posamatika. Mpweya wochepa umachititsanso kuti limu lilume chubu mukagunda dzenje, n'kusiya mabowo awiri oyandikana. Wochuluka nawo uli ndi zake: tayala limayendera pamsana pokha, pakati pamatha m'mbali muli mwatsopano, ndipo pa msewu wa fumbi njinga imadumphadumpha.

Pa njinga zazing'ono zambiri za 100cc mpaka 150cc, muyezo wa mpweya wa tayala lakumbuyo pa geji umakhala pafupifupi 28 psi munthu ali yekha ndi 32 psi atanyamula pasinjala, koma woyenera kutsata ndi wolembedwa m'buku la njingayo kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni. Wa kabaza atsate wa pasinjala. Mpweya uyezedwe m'mawa tayala lisanayende, kamodzi pa sabata, ndi geji. Kudina ndi chala kapena kugogoda ndi sipanala sikungasiyanitse 22 ndi 30. Tayala likatentha geji imawerenga mokwera, choncho kuphwetsako masana chifukwa "lakwera" n'kudzipweteka, m'mawa mudzalipeza lofooka.

Manambala a m'mbali mwa tayala ambirife timangowadutsa. Pa lolembedwa 3.00-18 52P, 18 ndi kukula kwa limu m'mainchi, P akutanthauza kuti lisapitirire liwiro la 150 km pa ola, ndipo 52 akutanthauza kuti lisasenze zoposa 200 kg. Tiwerengere mongoyerekeza. Njinga yokha iike 65 kg kumbuyo, woyendetsa aonjeze 40 kg mwa kulemera kwake, pasinjala 70 kg pafupifupi yense, kenako thumba la chimanga la 50 kg pa kaliyala. Zakwana 225 kg, pasinjala wachiwiri asanakwere. Thumba lomangidwa kumapeto kwa kaliyala, kuseri kwa ekiselo, limapepukitsa kutsogolo n'kukanikiza kumbuyo koposa kulemera kwake. Ndikumvetsa kuti wokana katundu amagona ndi njala, koma mtengo wa ulendo wotere uyenera kuphatikiza labala yemwe akutsala pa msewu.

Kutha mbali imodzi kuli ndi magwero awiri. Kuno timayenda kumanzere, msewu umatsetserekera kumanzere kuti madzi achoke, ndipo kukhotera kumanja kumatenga mtunda wautali, motero mbali ya kumanja kutha pang'ono kuposa inzake si chachilendo. Kusiyana kukakula, kaoneni kumbuyo komwe amakokera tcheni. Mbali zonse ziwiri kuli timizere toyezera, ndipo ekiselo iyenera kukhala pa kamzere kofanana uku ndi uku. Wokoka tcheni mothamanga amamanga nati imodzi koposa, wilo n'kupendekera, tayala n'kumayenda likukhula msewu chammbali. Timizere tikafufutika, chingwe chimathandiza: chizungulizeni kuseri kwa tayala lakumbuyo, chikokeni mbali zonse mpaka kutsogolo chikungokhudza m'mphepete mwake, ndipo mpata wa pakati pa chingwe ndi tayala lakutsogolo ufanane kumanja ndi kumanzere. Tcheni isiyidwe ndi kusewera kwa 20 mpaka 30 mm.

Tayala lokhala ndi timapiri ndi tizigwa mukalisisita limaloza ku mashoko otha mafuta, masipoko omasuka kapena limu lopindika. Dazi la pamalo amodzi ndi la buleki ya phazi yopondedwa mpaka wilo kuuma, ndipo dazilo likangoyamba wilo limakonda kuumiranso pomwepo. Ambiri amaopa buleki yakutsogolo, komatu ndiyo imaimitsa njinga kwambiri. Kugwiritsa zonse ziwiri, ndi kusiya kilatchi pang'onopang'ono ponyamuka, kumasunga labala.

Malire a kutha alipo pa tayala lenilenilo. M'mbali muli kachizindikiro ka TWI kapena kamuvi, ndipo mukalondola mpaka m'ngalande za pakati pa mano a tayala mupeza kachitunda kakang'ono. Mano akafanana nako, pafupifupi 1 mm, tayala latha ngakhale ulusi usanaoneke. Ngalandezo ntchito yake n'kutaya madzi, n'chifukwa chake mvula yoyamba ya mu Novembala, yosakaniza fumbi ndi oyilo pa phula, imagwetsa anthu a matayala osalala. Kusema ngalande zatsopano ndi mpeni kumangopyapyalitsa labala wotchinga ulusi.

Pogula, werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala, omwe amanena nthawi yomwe linapangidwa. 2322 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala lopitirira zaka zisanu liunikidwe ming'alu ngakhale mano alipo. Pomanga, muvi wa mbali yozungulira utsatidwe, chubu chikhale chatsopano, lamba wophimba mitu ya masipoko akhale wosang'ambika, ndipo poterereketsa pakhale madzi a sopo, osati oyilo. Makilomita 100 oyamba ayendedwe modekha chifukwa labala watsopano amaterera.

Funso lakuti tayala limakhala makilomita angati limayankhidwa ndi kope. Lembani zomwe mita ikuwerenga tsiku lomanga ndi kuya kwa ngalande yapakati. Tinene kuti ndi 7 mm, ndipo patatha 2,000 km yatsala 5.5 mm. Ndiye kuti 1,000 km iliyonse ikudya 0.75 mm, ndipo 6 mm yogwiritsa ntchito ifika pafupifupi 8,000 km. Gawani mtengo wa tayala ndi makilomitawo, chitaninso chimodzimodzi ndi mtundu wina pa njinga yomweyo ndi misewu yomweyo. Mita ikakhala yakufa, monga zilili pa njinga zambiri za kabaza, werengani malita a petulo omwe mwathira kuyambira tsiku lomanga.