Sabata ya shuga ndi nduna ya ku Romania

Sabata yathayi ndinali ndi mutu wouma woti ndiphunzitse ophunzira anga a chaka chachitatu: chifukwa chomwe mtengo wa shuga unagwera ku Ulaya 2017 itadutsa, msika womwe shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa ankadalira. Kungolemba manambala pa bolodi bwenzi onse atagona, ndiye ndinadzera pa munthu, Dacian Cioloș wa ku Romania.

Lolemba linathera kukonza manotsi. Mkuluyu anabadwa mu 1969 ku Zalău, anaphunzira ulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba ku Cluj-Napoca n'kumaliza mu 1994, kenaka anapita ku France, ku Rennes ndi ku Montpellier, komwe anatenga digiri ya udokotala pa zachuma cha ulimi. Unduna wa zaulimi anaupeza mu Okutobala 2007, miyezi yochepa Romania italowa mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ndipo unabwera mwangozi. Nduna yomwe inalipo, Decebal Traian Remeș, inatula pansi udindo kanema atayionetsa pa nkhani ya ziphuphu, ziphuphu zake ndalama, masoseji ndi kachasu wakumeneko. Lachiwiri nditafika pamenepa kalasi yonse inafa ndi phwete.

Panali pothera nthawi ndi Lachitatu. Kuyambira 2010 mpaka 2014 Cioloș anali mkulu woona zaulimi mu EU yonse, ndipo ndondomeko yatsopano ya 2013 inadutsa m'manja mwake. Magawo 30 pa 100 a ndalama zomwe alimi amalandira mwachindunji anamangiriridwa ku kusamala nthaka: kudzala mbewu zosiyanasiyana, kusunga madambo odyetsera ziweto, ndi kusiyako kachigawo ka munda kuti chilengedwe chipume. Alimi ang'onoang'ono anawapepukitsira mapepala n'kumawapatsa mpaka mayuro 1,250 pachaka. Izi sizodabwitsa kwa munthu wochokera dziko lomwe lili ndi pafupifupi munda umodzi mwa minda itatu iliyonse ya mu EU, yambiri timinda ta banja limodzi. Koma m'ndondomeko yomweyo ndi momwe anagwirizana zothetsa malire a shuga yemwe alimi a ku Ulaya amaloledwa kugulitsa, ndipo malirewo anatha pa 30 Seputembala 2017. Shuga wa beet, mbewu yomwe a ku Ulaya amapangira shuga, atasefukira, mtengo unatsika.

Mtsikana wina wakumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye kuti bamboyu anaphunzira zonsezo kuti adzatipweteke ife?" Ndinamuyankha kuti amene ankamulipira ndi a ku Ulaya, osati mlimi wa nzimbe wa ku Chikwawa. Kuganiza kwanga, sukulu inamuthandiza kudziwa bwino yemwe apindule ndi yemwe alire, koma kusankha kunali kwa ndale.

Zandale zake zotsatira tinangozithamangira Lachinayi. Anakhala nduna yaikulu mu Novembala 2015, Victor Ponta atatula pansi udindo kutsatira moto wa ku malo azisangalalo a Colectiv ku Bucharest womwe unapha anthu 64. Anatsogolera boma la akatswiri opanda chipani mpaka Januwale 2017, kenaka iye yemwe anadzayambitsa chipani cha PLUS n'kupita ku nyumba ya malamulo ya EU mu 2019. Ophunzira anagawanika pawiri, ena ati unduna uzipita kwa odziwa ntchito, ena ati wopanda mavoti alibe womufunsa. Sindinawalanditse.

Lachisanu magetsi anazima, pulojekita n'kukhala chete, ndiye ndinangowalembera funso pa bolodi: mukadakhala inu pa mpando wa unduna wa zamalonda kuno mu 2013, shuga wathu mukadamupezera msika uti? Mayankho ndikuwalandira Lachiwiri, masamba osapitirira atatu.