Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Nyimbo zomwe Vaughan Williams anatola kumidzi

M'gawo lapitali tinalekezera pa zaka zophunzitsa kwaya. Lero ndikambe za nyimbo za Angerezi zomwe zinandisula khutu pa ntchitoyo.

Henry Purcell, katswiri wopeka nyimbo wa ku England, atamwalira mu 1695, opeka nyimbo a ku England anakhala akutsanzira a ku Germany ndi ku Italy kwa zaka pafupifupi 200. Sukulu ya nyimbo ya ku London, Royal College of Music, itatsegulidwa mu 1883 zinthu zinayamba kusintha, koma mankhwala enieni anachokera kumudzi. Mu 1903 Cecil Sharp anayamba kulemba nyimbo za anthu wamba ku Somerset, ndipo mu Disembala chaka chomwecho wopeka nyimbo Ralph Vaughan Williams anamva mkulu wina akuimba nyimbo ya makolo ku Ingrave, ku Essex. Vaughan Williams anadzatolera nyimbo zoposa 800, zina n'kuzilowetsa m'buku la nyimbo za m'tchalitchi, English Hymnal, mu 1906.

Apa aphunzitsi anzanga mumvetsere bwino. Zambiri mwa nyimbozi sizitsamira pa do monga tinazolowera pa solofa. Zina zimakhazikika pa re, zomwe amati Dorian: pa kiyibodi yambani pa D mukafike pa D wina, makiyi oyera okhaokha. Zina pa so, kuchoka pa G kufika pa G. Cholakwika chachikulu chimachitika pomaliza. Pa nyimbo ya pa re, woimba kiyibodi, poti khutu lake linakulira pa nyimbo za m'buku, amakweza C kukhala C sharp, n'kuika kodi ya A major. Nyimbo imasukuluka pomwepo. Malizani ndi C major kupita ku D minor, kapena G major kupita ku D minor. Musaikakamizenso mabiti 4 ngati woimba mwini wake ankawerenga 5, chifukwa mawu ndiwo amatsogolera.

Nyimbo yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi Fantasia on a Theme by Thomas Tallis, yomwe inaimbidwa koyamba mu 1910 m'tchalitchi chachikulu cha Gloucester. Vaughan Williams anatenga nyimbo ya Tallis, wopeka nyimbo wakale wa ku England, ya mu 1567, yokhazikika pa mi, n'kuigawira magulu atatu a zoimbira za zingwe: gulu lalikulu, gulu la anthu 9, ndi anthu 4 oimba paokha. Gulu la 9 lija liyenera kukhala patali, kuti lizimveka ngati mawu obwerera kuchokera kuphiri. Mukaliphatikiza ndi lalikulu, kuyankhizanako kumatha. Mukathamangitsanso liwiro m'nyumba yamiyala, kodi yatsopano imagwera pa yakale isanazilale, zonse n'kusanduka phala.