Mphete ya mwamuna wosaoneka

Ndili ndi zaka 28, ndipo paukwati uliwonse wa m'bale wanga funso ndi lomwelo: "Nanga iwe liti?" Ndiye pokonzekera ukwati wa msuweni wanga ndinagula kamphete konyezimira kuti ndiwatseke pakamwa achibale. Kanali koti ndivale tsiku limodzi lokha, pachala chachinayi cha dzanja lamanzere.

Ndinalakwitsa poyambirira pomwe. Mpheteyo ndinaiyesa m'mawa kukuzizira, zala zitaphwa, ndipo inadutsa pamfundo mokakamiza. Ine n'kumati bola siigwa. Komatu zala zimatupa kukatentha, ndipo tsikulo tinavina dzuwa lili paliwombo.

Azakhali ndi amene anayamba kuiona.

"Iii! Mwana wa achimwene, watibisiranji? Ndani ameneyu?"

"Azakhali, ali kutali ndi zantchito."

Ndinanena zokhazo. Pofika madzulo mwamunayo anali ndi galimoto, nyumba yosanja komanso digiri, zonse zopatsidwa ndi achibale anga.

Usiku ndinati ndivule. Yakana. Ndinayamba kukoka mwamphamvu, kumene kuli kupusa kwenikweni, chifukwa ukakoka khungu limaunjikana pamfundo ndipo chala chimatupirako. Zoyenera kuchita n'zina. Umakweza dzanja pamwamba pa mutu mphindi 10 kuti magazi atsike, n'kuviika chalacho m'madzi ozizira. Kenako umapaka sopo kapena mafuta, n'kumaipotoza mpheteyo pang'onopang'ono. Ndinachita zonsezi mochedwa, chala chitafufuma kale.

Ndinayesanso njira ya ulusi. Umalowetsa nsonga pansi pa mphete kuloza kuchikhatho, n'kukulunga ulusi wotsalawo mothinitsa mpaka kupitirira mfundo, osasiya mipata. Ukamamasula kuchokera kunsonga ija, mphete imayenda pamwamba pa ulusiwo. Njirayi imagwiradi, koma imafuna manja awiri a munthu wina. Ine ndinagwira ulusi ndi mano, unaduka katatu.

Kutacha chala chinali chitachita dzanzi, nsonga yake ikuda. Zikafika pamenepo sumayesanso za kunyumba, magazi sakuyenda bwino. Tsoka ilo, amene anandipeza ndikulira ndi azakhali omwewo, ndipo anandiperekeza kuchipatala akudandaula njira yonse kuti apongozi amva bwanji.

Anamwino analowetsa kachitsulo kotchinga khungu pansi pa mphete, n'kumazunguza kasowo kozungulira. Sipanathe mphindi ziwiri. Pamene panali mphete panatsala mzere wobiriwira.

"Musaope, ndi mkuwa umenewu. Ukakumana ndi thukuta umatero. Golide anangopaka pamwamba."

Azakhali anatola tizidutswa tiwirito, n'kutiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti ndagwidwa.

"Mwamuna wa galimoto n'kukugulira mkuwa? Ameneyo umusiye lero lomwe, mwananga. Ndilipo ndi mnyamata wina wabwino, ndimuuza abwere Loweruka."