Moyo wanga ndi zitsulo, Gawo 6: Kumanga manja

Gawo lapitali linathera pa zaka zimene ndinayamba kuphunzitsa anzanga kunyamula zitsulo kuseri kwa nyumba, pa jimu ya zitsulo zoumba ndi simenti zonga zimene mumaziona ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi. M'zaka zonsezo pempho la munthu wobwera koyamba limakhala la manja. Anyamata amafuna akatumba odzaza malaya, amayi ambiri amafuna kuti mnofu wolendewera kuseri kwa mkono ulimbe. Gawo lino ndalipatula kuti ndilembe zimene ntchito imeneyi inandiphunzitsa pa za manja, mwakuti munthu wopanda mphunzitsi athe kuzitsatira ali kwawo.

Tiyambe ndi zimene zili pansi pa khungu, poti ambiri amalimbana ndi mnofu umodzi n'kusiya waukulu. Kutsogolo kwa mkono kuli katumba uja aliyense amamudziwa, biceps, amene amapinda chigongono komanso kutembenuza dzanja kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba. Pansi pake pali mnofu wina wobisika, brachialis, womwe ukakula umakankhira katumba kunja, mkono n'kuoneka wonenepa mukauyang'ana chammbali. Kuseri kuli triceps, mnofu wa mitu itatu umene umawongola chigongono. Umenewu ndiwo waukulu: pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mnofu wa pakati pa phewa ndi chigongono ndi triceps. Munthu amene amachita ma curl okhaokha (kukweza chitsulo popinda chigongono) tsiku ndi tsiku ndiye kuti akulimbikira gawo laling'ono la mkono wake. Ichi ndimachibwereza kwa aliyense: wofuna mkono waukulu kapena wolimba ayambire kuseri.

Zipangizo sizovuta. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 chodzaza madzi ndi makilogalamu 5. Mukathiramo mchenga wouma m'malo mwa madzi chimafika pakati pa makilogalamu 7 ndi 8. Chigubu ndimachikonda pa chifukwa chimodzi chachikulu: kulemera kwake mumakuwonjezera pang'onopang'ono. Kapu imodzi ya mchenga ndi magalamu pafupifupi 400, ndipo minofu ya m'manja imafuna kuwonjezeredwa motero, osati kudumpha makilogalamu 5 nthawi imodzi.

Ofuna kuumba zitsulo zawo asakanize muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje ndi itatu ya miyala ing'onoing'ono ya kwale. Konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2.3 pa lita, ndiye zitini ziwiri za lita imodzi pa kapaipi kakafupi zimapereka chitsulo cha dzanja limodzi cha makilogalamu pafupifupi 5, pomwe zitini ziwiri za penti za malita 5 pa paipi ya mita imodzi ndi masentimita 20 zimafika cha m'ma 25. Boolani nsonga za paipi n'kupingasa misomali ikuluikulu musanathire konkire; popanda misomaliyo paipi imayamba kuzungulira m'kati, kenako mbali imodzi imavuka n'kugwera pa phazi. Thirani mbali imodzi, paipi itaima chilili pakati penipeni pa chitini, dikirani masiku awiri, kenako thirani inayo. Muziwaza madzi kwa sabata yathunthu musanazigwiritse ntchito, chifukwa konkire youma msanga ndi dzuwa imang'aluka. Zikatha, kaziyezeni pa sikelo ya ogula mbewu. Mbali imodzi ikaposa inzake ndi kilogalamu yathunthu, dzanja limodzi limagwira ntchito yambiri ndipo phewa limayamba kupendekeka.

Tsopano curl, imene aliyense amati amaidziwa. Imani mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, mawondo opindika pang'ono, mimba yolimbitsa. Gwirani chitsulo zikhatho zitayang'ana kutsogolo, zigongono zitagunda m'nthiti. Chigongono ndi hinji ya chitseko: chimalola mkono wa m'munsi kuyenda, koma icho chokha sichichoka pamalo. Kwezani chitsulo muwerenge sekondi imodzi kapena ziwiri, finyani katumba pamwamba, tsitsani muwerenge masekondi atatu mpaka mkono utawongoka. Pumirani kunja pokweza, kokerani mpweya potsitsa.

Cholakwika chachikulu, chimene chimabweza anthu m'mbuyo zaka ndi zaka, ndicho kugwedeza thupi. Chitsulo chikalemera kuposa mphamvu ya katumba, munthu amaweramira kutsogolo pang'ono, n'kuchiponya ndi chiuno, msana n'kupindikira kumbuyo. Chitsulo chimafikadi pamwamba, koma amene anyamula ndi chiuno ndi msana. Katumba wangogwirizira. Mapeto ake ndi msana wopweteka ndi mkono umene sukusintha. Njira yodziyesera ndi iyi: tsamirani khoma, mutu, mapewa ndi matako zitagunda, ndipo chitani curl muli pomwepo. Kulemera kumene mungakweze kakhumi mutatsamira khoma ndiko kulemera kwanu kwenikweni, ndipo kawirikawiri kumakhala kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumene mumanyamula mukugwedezeka. Musachite nako manyazi.

Cholakwika china ndi kutsitsa chitsulo mongochigwetsa. Mnofu umagwira ntchito yaikulu pamene ukukana kulemera potsika, ndiye wogwetsa amataya gawo lalikulu la phindu la ulendo uliwonse (ulendo ndi kukweza ndi kutsitsa kamodzi). Ena amalekezera pakati, osawongola mkono, poti pansi m'povuta kuyambirapo. Pansipo m'pamene mnofu watambasuka, ndipo pomwepo m'pofunika kwambiri. Onaninso mfundo ya dzanja: ikhale yowongoka, isapindikire m'kati kapena kugwera kumbuyo. Amene paipi yowongoka imawapweteka pamfundopo asinthe, agwiritse ntchito zitsulo za dzanja limodzilimodzi, zimene zimalola dzanja kutembenuka mmene likufunira.

Hammer curl ndi yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti zikhatho zimayang'anizana, chala chachikulu chili pamwamba. Imalimbitsa brachialis ndi mnofu wa pamwamba pa mkono wa m'munsi. Chogwirira cha chigubu chimakwanira bwino pa imeneyi.

Ngati pali mtanda wolimba kapena nthambi yodalirika, chin-up iikeni patsogolo pa ma curl onse. Gwirani zikhatho zitayang'ana kwa inu, manja atatalikirana molingana ndi mapewa, dzikokeni mpaka chibwano chidutse mtanda. Amene sangathe ngakhale kamodzi akwere pa mpando, ayambire pamwamba, n'kudzitsitsa pang'onopang'ono kwa masekondi 5. Maulendo 5 otere, maseti atatu (seti ndi maulendo ochita motsatizana musanapume), kawiri pa sabata, amafikitsa munthu pa chin-up yake yoyamba.

Tibwere ku triceps. Poyambira pabwino ndi ma push-up a manja oyandikana. Ikani zikhatho pansi pa mapewa penipeni kapena m'kati pang'ono, thupi lowongoka kuchokera kumutu mpaka ku zidendene. Potsika zigongono zilowere kumbuyo, zikukhudza nthiti, osati kutambasukira kumbali. Zikatambasuka, ntchito imasamukira ku chifuwa ndipo phewa limapanikizika. Amene sangakwanitse pansi asathamangire kugwada; aike manja pa tebulo lolimba kapena pa khonde lokwera, thupi likhalebe lowongoka, ndipo akamalimba azitsikira pa chinthu chachifupi mpaka kufika pansi.

Yachiwiri ndiyo ndimaikonda koposa, yowongola mikono pamwamba pa mutu. Mutu wautali wa triceps umayambira pa fupa la phewa, choncho umatambasuka mokwanira pokhapokha mkono utakwezedwa m'mwamba. Ma push-up okha saufikira bwino. Khalani pa mpando, gwirani chitsulo chimodzi kapena chigubu ndi manja onse awiri pamwamba pa mutu. Tsitsirani kumbuyo kwa mutu pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka kuseri kwa mkono, zigongono zitaloza kutsogolo ndi kumwamba, kenako wongolani. Zolakwika zake n'ziwiri. Zigongono zimatseguka kumbali kulemera kukachuluka, ndipo msana umapindika nthiti n'kutulukira kutsogolo. Zonse ziwiri mankhwala ake ndi kuchepetsa kulemera ndi kulimbitsa mimba. Apa musamapikisane ndi munthu. Chigongono chimanyamula katundu wambiri pa kachitidwe kameneka, ndiye maulendo 12 mpaka 15 ndi kulemera kwapakati ndi abwino kuposa maulendo 5 ndi chitsulo cholemetsa. Ngati ndi chigubu, mangani chivindikiro mwamphamvu.

Ma dips a pa benchi, aja mumaika manja kumbuyo m'mphepete mwa mpando, ndimawaphunzitsa mosamala. Amagwiradi triceps, koma amakankhira phewa kutsogolo pamalo pamene lili lofooka. Mukawachita, msana ukhale pafupi ndi benchi, ndipo lekezerani pamene mkono wa kumtunda wagona molingana ndi pansi. Kutsika kupitirira apo sikuwonjezera kanthu pa triceps, kumangovutitsa phewa. Amene phewa limawapweteka kale awasiye.

Kasanjidwe kake n'kosavuta. Masiku awiri pa sabata, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi, kuti pakati pakhale maola osachepera 48. Ngakhale bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Yambani ndi kutenthetsa thupi kwa mphindi 5, kuzunguza mapewa ndi kuchita seti imodzi yopepuka. Kenako njira ziwiri za triceps ndi ziwiri za kutsogolo, iliyonse maseti atatu a maulendo 8 mpaka 12 (yowongola mikono pamwamba pa mutu ija 12 mpaka 15), kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati pa maseti. Pa sabata zimenezi ndi maseti 12 kutsogolo ndi 12 kuseri, ndipo n'zokwanira. Woyamba kumene achite maseti awiri okha kwa masabata awiri oyambirira. Seti iliyonse izitha mutatsala ndi mphamvu ya ulendo umodzi kapena iwiri yochita bwino. Mukamaliza mukuona kuti mukanapitiriza kakhumi kena, chitsulocho chapepuka.

Chimene chimakulitsa mnofu ndi kuwonjezera, ndipo kuwonjezera kumafuna kope. Lembani tsiku, kulemera ndi maulendo. Mukayamba ndi maulendo 8, limbikirani mpaka maseti onse atatu afike 12 osagwedeza thupi. Pamenepo thirani makapu awiri a mchenga, bwererani pa 8, yambaninso kukwera. M'masabata oyamba mphamvu zimakwera msanga pomwe mkono sukusintha kukula, chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kaye kugwiritsa ntchito mnofu umene ulipo kale. Kusintha kooneka ndi maso kumayamba pakatha masabata 8 mpaka 12. Ambiri amasiya mwezi woyamba, ntchito itatsala pang'ono kuoneka, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni nthawi zonse. Yezani mkono ndi tepi ya telala kamodzi pa mwezi, pamalo omwewo, m'mawa musananyamule.

Kwa amayi ndi alongo anga: kunyamula zitsulo sikudzakupatsani manja a chimuna mwangozi. Thupi la mkazi lili ndi testosterone (homoni yothandiza kukulitsa minofu) yochepa kwambiri poyerekeza ndi la mwamuna, ndipo ngakhale amuna amavutikira zaka kuti mkono ukule. Kabotolo ka theka la lita kokwezedwa maulendo 50 sikalimbitsa kanthu. Nyamulani cholemera mokwanira kuti ulendo wa 12 ukhale wovuta. Dziwaninso kuti mafuta a kuseri kwa mkono sasungunuka chifukwa choti mwalimbitsa malo omwewo. Thupi limachotsa mafuta ponseponse, malinga ndi kadyedwe ndi kuyenda kwanu. Zitsulo zimamanga mnofu pansi, ndipo mafuta akamachepa m'thupi lonse mnofuwo umaonekera.

Chakudya chomanga thupi chimene wonyamula zitsulo amafuna ndi pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Munthu wa makilogalamu 65 afunika magalamu opitirira pang'ono 100. Mazira awiri amapereka 12, magalamu 50 a soya pieces zosaphika pafupifupi 25, magalamu 50 a usipa wouma kapena kapenta pafupifupi 30, kapu ya nyemba zophika 15, mtedza wa magalamu 50 pafupifupi 12, kapu ya mkaka 8. Mwafika kale osagula ufa wa puloteni wa m'zitini wodula uja. Zigaweni pa chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo nsima kapena mbatata musazisiye, poti ndizo zimapereka mphamvu yonyamulira. Tulo ta maola 7 kapena kuposerapo n'tofunika mofanana ndi ndiwo. Jakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu amene ena amagulitsana mobisa amawononga chiwindi, mtima ndi mphamvu yobereka, atalikireni.

Ululu uli mitundu iwiri, ndipo muyenera kuisiyanitsa. Kuphwanya kwa mnofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakatha masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa, makamaka poyamba. Kupweteka kobaya pa chigongono penipeni, m'kati kapena kunja, ndi mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa umene watopa. Mitsempha yotere imalimba mochedwa kuposa mnofu, n'chifukwa chake wothamangira zolemera amayamba kumva chigongono. Chepetsani kulemera ndi theka, siyani kachitidwe kamene kakupwetekako kwa masabata angapo, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi achipatala. Mukamva kuthetheka pa chigongono, katumba n'kukwinyikira kumtunda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha woduka umasokedwa bwino m'masabata oyambirira. Chimodzimodzi ngati mwachita mopyola muyezo, mikono yatupa osatha kuwongoka, ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka: mnofu wawonongeka kwambiri ndipo impso zili pangozi. Odwala BP asamange mpweya ponyamula, ndipo afunse kaye dokotala asanayambe zolemera.

Gawo lotsatira lidzakhala la msana ndi mapewa, ndi mmene tinkamangira mtanda wa chin-up woti usazuke munthu wolemera akalendewera.